Kabokosi ka Pachifuwa cha Zione

Aleluya mumpingo! Ndati aleluya! Abusa, akulu a mpingo, amayi anzanga a Lachinayi, achinyamata kumbuyoko, moni nonse m'dzina la Ambuye. Amene simundidziwa, ine ndine Nangozo wa kumtunda kuja, njira yopita kumalire. Amene mumandidziwa mwayamba kale kuseka, chifukwa mukudziwa kuti Nangozo akaimirira sakhala pansi msanga. Abusa andiuza kuti ndifupikitse. Ndiyesetsa, koma sindikulonjeza.

Ndabwera ndi nkhani ya mwana wanga Zione. Ndi wachitatu kubadwa, ndipo nthawi imene ndikunenayi anali ndi zaka khumi. Mwana ameneyu sankadziwa kuyenda, abale anga, ankangothamanga. Mukamutuma mchere, wathamanga. Kumjigo, wathamanga. Pa fulaye anzake ankachita kumulimbirana. Bambo ake amakhalira pamsewu, kuperekeza matumba a mbatatesi kutauni, ndiye pakhomo timakhala ine, ana, ndi ababa anga a Ngozo, amene anakalamba ndi chifuwa chimene anabwera nacho kumigodi ya ku Joni. Tinkalima, tinkadya, tinkabwera kuno kudzapemphera. Mantha enieni ndinali ndisanawaone.

Zinayamba m'nyengo yozizira, ija ya kuno ku Tsangano yoti zala zimakana kugwira khasu. Tinali kudimba, tikuthirira mbatatesi. Zione ananyamula keni kawiri, katatu, kenako ndinangoona wakhala pamzere. Pakamwa panga mumapadziwa. Ndinati, "Iwe! Ulesi umenewo wautenga kuti? Dzuka!"

Sanadzuke. Anati, "Amayi, mtima ukuthamanga."

Ndinati, "Ukuthamangira kuti? Dzuka!"

Nditayandikira ndinaona milomo yachita mbuu, thukuta lili pamphumi, kuzizira konse kuja. Ndinaika dzanja pachifuwa pake. Mayo ine! Sikunali kugunda kumene inu mumakudziwa. Kunali kunjenjemera, ngati mwagwira injini ya chigayo. Ndinayesa kuwerenga, ndinalephera. Ndinakuwa, koma kudimba kunalibe munthu. Ndinamukumbatira, ndikungoti Yesu, Yesu, Yesu, mawu ena onse atandithawa. Kenako mwadzidzidzi, phee. Mtima wabwerera m'malo mwake. Anapuma kwambiri, n'kundiyang'ana, n'kunena kuti, "Zatha." Anafuna kunyamulanso keni.

Tsiku lomwelo tinakwera njinga yamoto kupita kuchipatala chathu chaching'ono. Anamumvetsera pachifuwa, anamuyeza malungo, anamuyang'ana m'maso. Palibe kanthu. Mwana akuseka, akupempha mandasi. Tinabwerera.

Patapita milungu iwiri zinabweranso, ali kumjigo. Tinathamanganso, tinakafika zitatha. Kachitatu chimodzimodzi. Kachinayi zinachitikira kusukulu, pa nthawi ya masewera, ndipo ulendo umenewo anakomoka ndithu. Anamubweretsa atamunyamula. Ine nditaona anthu akubwera ndi mwana m'manja, miyendo ili lendelende, ndinayamba kulira maliro pomwepo. Koma pofika kuchipatala anali atatsitsimuka, mtima ukugunda bwinobwino. Sindikuwanena achipatala, anachita zimene akanatha. Munthu angaone bwanji chinthu chimene palibe? Koma ine tsiku limenelo ndinalalata, anthu onse a pamzere anandimva. Ndinati, "Mukufuna ndikubweretsereni mtembo kuti mukhulupirire?"

M'mudzi anthu anali atayamba kale kuyankhula. Ena amati ndi khunyu. Ena amati wina wamuponyera. Ana ena makolo awo anawaletsa kudya naye mbale imodzi. Ine ndikamva phazi likuthamangira kunyumba kwanga, ndimathamangira panja. Mwana wina akakuwa panja posewera, ndimataya chimene ndagwira. Chimene ndinkaopa chinali chimodzi: tsiku lina mtima umenewu udzathamanga osabwereranso, ine ndili kutali, ndipo palibe amene adzadziwe chimene chamupha.

Achipatala chathu chija anatilembera kalata yopita kuchipatala cha boma, ndipo kumeneko anatitumizanso kuchipatala chachikulu cha mumzinda. Tinapeza adokotala a ana, mayi wachitsikana ndithu, woyankhula mofatsa. Anamugoneka Zione, anamumata timawaya pachifuwa ndi m'miyendo, pepala linatuluka m'makina. Analiyang'ana, n'kunena kuti lili bwino. Ine ndinali nditakonzeka kale kuyambana nawo. Koma iwo anati, "Mayi, ndikukukhulupirirani. Matenda ena a mtima amabwera n'kuchoka. Ife timayeza kanthawi kochepa, iwo amabwera ife kulibe. Tiyenera kuwapeza pa nthawi yomwe akuchitika."

Anatulutsa kabokosi kakang'ono ngati ka machesi, kokhala ndi batani pakati ndi kanyali kophethira. Anakamata ndi pulasitala pachifuwa cha Zione, cha kumanzere. Anati kazikhala pomwepo masiku asanu ndi awiri, kazimvetsera mtima usana ndi usiku, kazisunga zonse. Mtima ukayamba kuthamanga, adine batani. Anatinso timabokosi timeneti ali nato tochepa, ana ambiri akudikira, ndiye tisachedwe kubweza. Ndipo ananena, ndikuvomera pamaso pa Mulungu kuti ananena, kuti mwana azichita zonse monga amachitira masiku onse.

Ndinamva, abale anga. Makutu anamva. Koma inu amayi anzanga tandiuzeni, kwathu kuno munthu wochokera kuchipatala chachikulu, makina ali pachifuwa, timamutani? Timamutuma kumjigo? Timamudwazika! Ndi mmene anatilerera. Ndinayala mphasa kuchipinda, ndinamufunditsa mabulangete awiri. Sukulu ayi. Kutunga madzi ayi. Kubafa ndimamuperekeza nditamugwira dzanja. Phala ndimamumwetsa ndekha ndi supuni, mwana wa zaka khumi! Akati adzuke, ine, "Gona!" Akamva anzake akusewera panja n'kusuzumira pawindo, ine, "Gona, ukufuna kundifera?"

Panalinso china, ndisabise. Ndinkachita manyazi. Ndinkaopa kuti anthu akaona kanthu kophethira pachifuwa cha mwana, anena kuti Nangozo wa Lachinayi uja wamumangira mwana chithumwa cha chizungu. Ndiye ambiri a inu mutabwera kudzazonda, munamupeza atavala majuzi atatu, chitenje chili m'khosi. Munabwera ndi nthochi, munapemphera, munapita osaona kanthu.

Masiku asanu ndi awiri anatha mtima osathamanga ngakhale kamodzi. Ine chimwemwe! Ndinkaganiza kuti kabokosi kaja kakumuchiza, kakulowetsa mankhwala m'thupi pang'onopang'ono. Lachinayi la mlungu umenewo ndinaimirira pakati panu amayi, n'kunena kuti mwana wachira, tinaimba, tinavina. Ndinakunamizani osadziwa. Mundikhululukire.

Titabwerera mumzinda, adokotala aja anachotsa kabokosi n'kukalumikiza ku kompyuta. Anayang'ana nthawi yaitali. Kenako anavula magalasi.

"Mayi, mwanayu mlungu wonsewu anali kuti?"

Ndinayankha monyadira. "Pamphasa, adokotala. Sindinamulole ngakhale kutola supuni."

Anagwira pamphumi. Anati, "Ndikuona. Uwu ndi mtima wa munthu wogona. Mayi, kabokosi aka sikachiza. Kamangomvetsera. Mwanayu sanachire, matenda ake akadali momwemo, ife sitinawaone basi. Popanda kuwaona sindingamupatse mankhwala, chifukwa mankhwala a mtima olakwika akhoza kumuvulaza."

Ndinakumbukira zonse zija. Mlungu wonse uja, phala lonse lija, kuvina kuja. Adokotala anati kabokosiko analonjeza kale mwana wina, koma andipatsanso masiku asanu okha. Tikalepheranso, tibwerera kumapeto kwa mzere, ndipo mzerewo ndi wa miyezi. Anati, "Apite kusukulu. Atunge madzi. Asewere."

Pamenepo Nangozo anadzuka. Ndinati, "Adokotala, muli ndi mwana inu? Mukundiuza kuti ndimusiye agwe dala, ine ndikuonerera?"

Sanakwiye. Anati, "Sindikuti mumuthamangitse. Ndikuti musamuletse. Zikayamba, adine batani, akhale pansi. Akakomoka, kapena zikapanda kusiya msanga, thamangirani kuchipatala chapafupi. Mmene ndamuyezeramu, kusewera kwake kwa masiku onse sindikukuopa. Chimene ndikuopa ndi kumubweza kumudzi osadziwa chimene akudwala."

Tinabwerera ndi kabokosi kaja. Abale ndi alongo, masiku asanu amenewo sindidzawaiwala. Kusukulu ndinamulola, koma ndimamuperekeza, n'kukhala pansi pa mtengo kunja kwa kalasi ngati wogulitsa zitumbuwa. Belu la masewera likalira, ndimamuitana kuti adzakhale pafupi nane. Kumjigo ndimamupatsa kachigubu kakang'ono, ndowa ndimasenza ndine. Akangofulumiza phazi, pakamwa panga pamatuluka pokha, "Pang'onopang'ono!" Ndinkadziwa kuti ndikulakwitsa. Ndinkadziwa! Koma thupi limakana. Tsiku loyamba linapita, lachiwiri, lachitatu, lachinayi. Batani silinadinidwe. Ndikagwada kuti ndipemphere, ndimasowa chopempha. Ndipemphe kuti mwana wanga adwale? Ndipemphe kuti asadwale? Ndimangodzuka mawondo akuwawa, osanena kanthu.

Tsiku lachisanu linali Loweruka. M'mawa wake wa Lamulungu tinayenera kunyamuka kuti Lolemba tikabweze kabokosi. Ababa anali pakhonde, akuwothera dzuwa. Masiku onsewa ankangotiyang'ana. Anandiitana.

"Nangozo, takhalani pansi apa."

Ndinati ndili ndi ntchito. Anati, "Ntchito yake yolondola mwana ngati nkhuku? Khalani pansi."

Anakhosomola kaye, mmene amachitira muja, kenako anati, "Kumgodi kunali kachitsulo koyezera mpweya woipa. Kapitawo ankakamangirira palamba n'kutsika nako pansi. Tinali ndi kapitawo wina wamantha. Iye ankaima nako pafupi ndi polowera, pamene mphepo imawomba, n'kumalemba kuti kuli bwino. Kachitsuloko sikankanama. Pamene anaimapo panalidi bwino. Koma ife tinkagwira ntchito mkati. Tsiku lina tinatulutsamo anzathu awiri titawanyamula."

Ndinapsa mtima. Ndinati, "Ababa, mwana wanga si mgodi!"

Anati, "Si mgodi, inde. Koma matenda akewo ali kumene amathamangira, sali m'mbali mwanumo. Mukabweza kabokosiko kopanda kanthu, adzagwabe tsiku lina. Inu kudzakhala kulibe, kabokosi kudzakhala kulibe. Lero zonse ziwiri zilipo."

Ndinalowa m'nyumba, ndinalira, ndinawanena mumtima mawu amene sindingabwereze m'nyumba ya Mulungu muno. Masana ndinamva atsikana ayamba fulaye pabwalo la kumjigo. Zione anali pakhomo, akumvetsera, osapempha n'komwe, chifukwa yankho ankalidziwa. Ndinamuvula juzi yachiwiri. Ndinati, "Pita."

Anandiyang'ana. "Ndikaonerere?"

Ndinati, "Ukasewere."

Sanadikire kuti ndisinthe maganizo. Ine ndinamutsatira, n'kukakhala pasimenti ya mjigo. Manja ndinawakhalira, abale anga, ndinawaika pansi pa ntchafu kuti asamukodole. Lilime ndinaliluma. Anzake poyamba ankamuopa, ankaponya mpira mofatsa. Iye anawalalatira, wotengera amake, ndiye anayamba kuponya zenizeni. Akudumpha, akuzinda, akuseka, fumbi koboo. Kabokosi kakuphethira pansi pa diresi, aliyense akuona, ine osasamalanso. Mtima wanga ndi umene unkathamanga. Ndinkangoti, Ambuye, ndamupereka m'manja mwanu, koma musamutenge. Musamutenge. Musamutenge.

Zione anawerama kuti atole mpira. Podzuka anaima chilili. Dzanja linapita pachifuwa.

Sindikudziwa mmene ndinadutsira bwalo lija. Ndinamupeza atakhala m'fumbi, milomo mbuu, maso akulowa m'kati. Ine ndikufufuza batani pa diresi, osalipeza. Iye ananong'ona, "Ndadina kale, amayi." Ndinamukhazika pamiyendo panga. Chifuwa chikunjenjemera pansi pa dzanja langa. Ndinadikira kuti zisiye monga kale. Sizinasiye. Atsikana aja anabalalika akulira. Amayi ena anathamangira njinga yamoto. Mutu wake unayamba kulemera paphewa panga, akuti, "Amayi, kukuda." Mayo! Ndinakuwa mudzi wonse unamva, "Ndamupha ndekha! Ndamutuma ndine!"

Panjinga ndinamuika pakati, ine kumbuyo, dzanja langa lili pachifuwa pake. Msewu wathu mumaudziwa, mabampu okhaokha. Ndinkamuitana dzina kuti asagone. Zione! Zione! Amayankha kamodzi, kawiri osayankha. Woyendetsa akuti, "Mayi, gwiritsani," ine ndikumukalipira kuti akuchedwa. Sindinaonepo msewu wautali ngati umenewo. Tikutsetsereka cha pamlatho, pansi pa dzanja langa panangoti phee. Ndinaganiza kuti waima. Ndithu ndinaganiza kuti mtima waima, ndanyamula mtembo. Kenako ndinamva gu, gu, gu, pang'onopang'ono. Anadzutsa mutu, n'kunena kuti, "Zatha."

Tinakafikabe kuchipatala. Anamumvetsera, ndipo monga mwa nthawi zonse, anapeza mtima uli bwino. Koma ulendo uno sindinakangane ndi munthu. Ndinangokhala pabenchi, dzanja langa litaphimba kabokosi kaja kuti pulasitala isamatuke.

Lolemba adokotala aja analumikizanso kabokosi ku kompyuta. Ine maso ali pankhope pawo. Anayendetsa, anayendetsa, kenako anaima. Anatembenuzira kompyuta kwa ine. Anati, "Bwerani muone." Panali mzere wokwera ndi kutsika mwadongosolo, kenako pamalo pena mizere inathithikana ngati mano a chipeso, mpaka kutali. Analoza ndi cholembera. "Ndi awa matenda a mwana wanu. Loweruka masana."

Abale anga, ndinalira ngati mwana. Miyezi yonse ija ndinali ndekha wodziwa chinthu chimenechi, ine ndi dzanja langa. Tsopano munthu wina wachiona ndi maso.

Adokotala anatchula dzina la matendawo lachingerezi, lilime langa silingalikwanitse. Koma anandifotokozera kuti mumtima muli tinjira timene mumadutsa mphamvu youuza kuti ugunde, ndipo Zione anabadwa ndi kanjira kena kowonjezera. Mphamvu ija ikalowera kumeneko imangozungulira, mtima n'kumathamanga. Si khunyu. Palibe anamuponyera. Sizipatsirana, ndipo amene munaletsa ana anu kudya naye, mwamva. Anamupatsa mapiritsi akumwa tsiku lililonse. Anamuphunzitsa kuuzira mwamphamvu mu sirinji yopanda singano zikayamba, kuti mtima ubwerere. Anati akakula adzaonanso ngati pakufunika kutseka kanjirako.

Potuluka ndinaona anamwino akupukuta kabokosi kaja, n'kuitana mayi wina amene anali pabenchi ndi mwana wake wamwamuna. Mayiyo sindimudziwa, ndinangomva kuti ndi wa ku Bwanje. Ndinamugwira pamkono ndisanamupatse n'komwe moni. Ndinati, "Mayi, mukafika kwanu musakamugoneke mwanayu. Mwandimva? Musakamugoneke!" Anandiyang'ana ngati wamisala, koma ndinabwereza mpaka anavomera.

Lero ndaimirira pano kuthokoza. Ndikuthokoza Mulungu amene anamugwira mwana wanga panjinga paja pamene ine manja anali atatha. Ndikuthokoza chifukwa cha adokotala amene sanandibwezere mkwiyo wanga. Ndikuthokoza chifukwa cha ababa, ali apo pabenchi ya amuna, akunamizira kuti sakumva. Ababa, ndinakuyankhani mwano tsiku lija, ndapepesa pamaso pa mpingo. Ndi inu amayi amene munathamangira njinga, Mulungu akudalitseni.

Sindinama kachiwiri kuti wachira. Sanachire. Amamwa piritsi m'mawa uliwonse, ndipo ndimaimirira pomwepo mpaka ameze. Sirinji ija imakhala m'chikwama chake cha kusukulu, aphunzitsi akudziwa. Kuchipatala timapita pa masiku amene anatilembera. Chiyambireni mankhwala zabwerapo kawiri, anauzira, zinasiya msanga, sanakomokenso. Amapita kusukulu yekha. Amathirira kudimba. Ine mantha sanandichoke, ndisakunamizeni. Mundipempherere.

Tamverani phokoso liri panjalo. Ana a Sande sukulu atuluka, ayamba kuthamangitsana. Mawu okwera kwambiriwo ndi ake. Chiyambire kuyankhula pano khutu langa limodzi lili kumeneko, ndipo miyendo ikufuna kutuluka kuti ndikamuitane. Sindipita. Ndikhala pansi pompano, ndimve ulaliki mpaka kumapeto.

Dzina la Ambuye lilemekezeke. Amen.